Amisiri amene anaweta madzi ku Mohenjo-daro

M'zaka za m'ma 1850, Angelezi akulamulira India, makontirakita amene ankayala njanji yochokera ku Lahore kupita ku Multan anasowa miyala yothira pansi pa njanjiyo. Dera limenelo la Punjab ndi chigwa cha dothi lokhalokha lobwera ndi mitsinje, ndipo mwala umachokera kutali. Koma pafupi ndi mudzi wa Harappa panali zitunda zikuluzikulu zodzaza ndi njerwa zowotcha. Anazigumula, kuziphwanya, n'kuzithira pansi pa njanji mtunda wa makilomita pafupifupi 160, osadziwa kuti njerwazo zinali zitatha zaka zoposa 4,000 chiumbidwire. Nkhaniyi imandipweteka mtima ndikaganizira zimene zinawonongeka, komabe ili ndi umboni umene mmisiri aliyense angaumve: njerwa imene yagona m'nthaka zaka zonsezo n'kukhalabe yolimba mpaka kusenza sitima, inaumbidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Panapita zaka zina zoposa 60 dziko lisanadziwe chimene chinali pansi pa zitundazo. Mu 1921 Daya Ram Sahni anayamba kukumba ku Harappa, ndipo chaka chotsatira R. D. Banerji anayamba kukumba chitunda china ku Sindh, makilomita pafupifupi 600 kummwera chakumadzulo, kufupi ndi mtsinje wa Indus. Malowo ndi Mohenjo-daro, m'boma la Larkana, m'dziko limene lero ndi Pakistan. Zimene zinkatuluka m'malo awiriwa zinali zofanana: zidindo zamwala zokhala ndi zilembo zachilendo, miyala yoyezera kulemera kwa katundu, mbiya, ndi njerwa. Mu 1924 John Marshall, yemwe anali mkulu wa nthambi yofufuza zakale ku India, analengeza kuti kwapezeka mizinda ya anthu amene mbiri inali itawaiwaliratu. Mizindayi inali pachimake kuyambira cha m'ma 2600 mpaka 1900 B.C., nthawi imene Aigupto ankamanga mapiramidi a ku Giza ndipo mafumu a ku Ur ankaikidwa m'manda pamodzi ndi golide wawo.

Munthu akanayembekeza kupeza zonga zomwezo m'chigwa cha Indus. Koma sikunapezeke manda a mfumu, chifanizo chachikulu cha wolamulira, kapena nyumba imene akatswiri onse angavomereze kuti inali kachisi. Chifanizo chotchuka cha mwamuna wandevu chimene chimasungidwa ku Karachi n'chotalika masentimita 17.5 okha, ndipo kamtsikana kamkuwa kamene kali ku New Delhi sikapitirira masentimita 11. Zilembo zawo mpaka lero palibe anaziwerenga, choncho palibe dzina la munthu ngakhale mmodzi wa m'mizindayi limene linatifika. Chimene chinatifika chochuluka ndi ntchito ya omanga, ndipo ntchito yawo yokoma koposa anaichita paliponse pamene panali madzi.

Njerwa ya nyumba wamba inali yochindikala masentimita 7, m'lifupi 14, m'litali 28. Ya malinga ndi zomanga zikuluzikulu inali 10, 20 ndi 40. Manambalawa amaoneka ouma mpaka munthu atagwira njerwazo m'manja. Mukagoneka ziwiri moyandikana, m'lifupi mwake muwiri mumakwana ndendende pa utali wa njerwa imodzi. Mukasanjikiza ziwiri, msinkhu wake umafanana ndi m'lifupi mwa imodzi. Mukaimika zinayi cham'mbali n'kuzigundanitsa, zimakwana pa utali wa imodzi yogona. Ndiye kuti womanga angathe kuigoneka, kuipingasa kapena kuiimika, ndipo paliponse ikumana ndi inzake popanda kuiduladula. Pangodya, pakhomo, pamasitepe, m'ngalande, njerwa ndi yomweyo.

Makoma ambiri anawamanga mosinthanitsa mizere. Mzere uwu njerwa zagona motsata khoma, mzere wapamwamba pake zapingasa kuloza m'kati mwa khoma. Potero mpata wa pakati pa njerwa ziwiri sukhala pamwamba pa mpata unzake, ndipo mng'alu ukayamba umasowa njira yowongoka yotsikira. Kamangidwe komweka ndi kamene ophunzira amaphunzitsidwa lero m'sukulu za ntchito zamanja. Chomangira chawo nthawi zambiri chinali matope wamba, kotero khoma linkaima chifukwa cha kugwirana kwa njerwazo, ndipo ena mwa makomawo akali chiimire mamita angapo kuchokera pansi.

Aliyense amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti njerwa siituluka mu uvuni ili yofanana ndi chikombole. Dothi limafota likamauma, limafotanso m'moto, ndipo dothi la dambo lino silifota mofanana ndi la dambo linalo. Kuti njerwa yowotcha ikhale pa muyeso wofunikawo, woumba ayenera kulidziwa dothi lake, kupanga chikombole chokulirapo pang'ono, kuponda matope mpaka asatsale mibulu, ndi kuumitsa njerwa mosathamanga kuti zisang'aluke. Dzuwa la ku Sindh si la masewera. Mu May 2010 kutentha kunafika madigiri 53.5 pa Mohenjo-daro pomwepo. Njerwa zikauma pamabwera kusonkha moto, kuti za m'kati zisapse mopitirira pamene za m'mbali zikadali zaziwisi. Zonsezi ankazichita mobwerezabwereza, njerwa mamiliyoni, mibadwo yotsatizana kwa zaka pafupifupi 700, muyeso wa 1, 2, 4 osausiya.

Ndipo muyesowo sunali wa mzinda umodzi. Umapezeka ku Harappa, ku Lothal m'dera la Gujarat, ku Kalibangan m'dera la Rajasthan, ngakhale ku Shortugai kumpoto kwa Afghanistan, kumene anthu a ku Indus anakamanga mudzi kufupi ndi migodi ya mwala wabuluu wa lapis lazuli. Ku Kalibangan komweko, m'nthaka ya pansi, muli njerwa za mibadwo yoyambirira zimene muyeso wake ndi 1, 2, 3, kusonyeza kuti muyeso wabwinowu anachita kuufikira atayesapo ina. Anzawo a ku Mesopotamia, m'zaka zoyandikana ndi zomwezo, ankaumba njerwa zosalala pansi koma zotumphuka pamwamba, zovuta kusanja, moti nthawi zina ankaziyala chopendeketsa. Ndikayerekeza ziwirizi, mtima wanga uli ndi woumba wa ku Indus.

Sikuti paliponse ankawotcha. Nkhuni zinali zofunika kuzisamala, ndipo amisiriwa ankadziwa pofunika njerwa yowotcha ndi pongofunika chidina. Mtsinje wa Indus umasefukira chipale chikasungunuka m'mapiri a Himalaya ndiponso mvula ikagwa kumtunda, choncho asanamange nyumba anayamba aunjika nsanja zikuluzikulu za zidina ndi dothi kuti mzinda ukhale pamwamba pa madzi osefukira. Ku Kalibangan nyumba zambiri zinali za zidina, koma zitsime, mabafa ndi ngalande zinali za njerwa zowotcha. Pamene madzi adzagunda, pamenepo ndi pamene anaika njerwa imene yaona moto.

Kuti tione bwino luso lawo, titsatire madzi a mtsuko umodzi kuchokera pamene atungidwa mpaka pamene atuluka mumzinda. Michael Jansen, katswiri wa ku Germany amene anayeza mabwinjawa kwa zaka zambiri, anawerengera kuti mumzinda wonse wa Mohenjo-daro munali zitsime zoposa 700, pafupifupi chitsime chimodzi pa nyumba zitatu zilizonse. Mtsinje unali pafupi, koma anthu pafupifupi 40,000 a mumzindawo sankadalira kupita kudooko. Zitsimezo zinali zozungulira, zina zakuya mamita 10 kapena kuposa, ndipo pano ndi pamene mmisiri anasiya njerwa yake ya masiku onse n'kuumba ina yapadera, yopapatiza mbali imodzi, yotambalala mbali inayo. Njerwa zotere zikayalidwa mozungulira, mbali yopapatiza kuloza m'kati, zimatsekana zokha n'kupanga mkombero wopanda mipata. Ubwino wake waukulu ndi uwu: dothi la kunja likamakankha khoma la chitsime, njerwa iliyonse imalowa mothina pakati pa zinzake ziwiri, moti mphamvu imene ikanagwetsa chitsime ndi imene imachilimbitsa. M'milomo ya zitsime zina mukuonekabe mikwasa imene zingwe zinadya potunga madzi. Mzinda unkakwera pang'onopang'ono chifukwa mbadwo uliwonse unkamanga pamwamba pa zogumuka za makolo ake, ndipo chitsime nacho ankachiwonjezera mizere kuti chifike pamene anthu akukhala. Ofukula atachotsa dothi lozungulira, zitsimezo zinatsala chiimire ngati machumuni, ndipo zambiri sizinagwe.

Madzi aja akatungidwa ankapita kubafa. Nyumba zambiri zinali ndi kachipinda kosambira, kawirikawiri kumbali ya msewu kuti madzi asayende mtunda wautali m'kati mwa nyumba. Kwa ine, pansi pa kachipinda kameneka ndi pamene dzanja la mmisiri limaonekera bwino koposa. Njerwa zake ankazicheka kapena kuzipala m'mbali mpaka zitasalala, n'kuziyala mogundana kwambiri kuti madzi asapeze polowera. M'mphepete ankaika kamzere kokwera kotchinga madzi kuti asafalikire kuchipinda china, ndipo pansi ponsepo ankapendeketsa pang'ono kuloza pangodya imodzi pamene panali kabowo kotulukira kunja kwa khoma. Kupendeketsa kotere n'kovuta kuposa mmene kumamvekera. Mukapendeketsa kwambiri, wosamba aterereka. Mukaperewera, madzi aima n'kuyamba kununkha. Paja akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo womanga bafa ntchito yake ndi kuwapangira khwawa limene iye akufuna. Pansi pa mabafa ena panasalala mpaka kunyezimira chifukwa cha mapazi a anthu amene ankasambapo.

Nyumba zambiri zinali ndi masitepe okwerera pamwamba, ndipo madzi ochokera kumwambako ankatsika m'mapaipi a dothi lowotcha obisidwa m'khoma, paipi iliyonse kukamwa kwake kolowa m'inzake, kapena m'kanjira kotsetsereka kosiyidwa m'kati mwa khoma pomanga. Izi zikutanthauza kuti njira ya madzi inkaganiziridwa khoma lisanakwere. Zimbudzi zinaliponso m'nyumba zina, zambiri zili mtsuko waukulu wokwiriridwa pansi.

Akatuluka m'nyumba, madzi ankagwera m'kangalande ka m'kanjira, kangalandeko n'kukathira m'ngalande yaikulu ya mumsewu. Misewu ikuluikulu inayalidwa kuchokera kumpoto kupita kummwera ndi kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, waukulu kwambiri uli wotambalala mamita pafupifupi 9, ndipo ngalande zinkatsata misewuyo. Anazimanga ndi njerwa zowotcha pansi ndi m'mbali, pamwamba n'kuvundikira ndi njerwa kapena miyala yaphanthi imene munthu akanatha kuinyamula pofuna kuchotsa zinyalala. M'njira monsemo anakumba maenje omangidwa ndi njerwa, akuya kuposa ngalandeyo, kuti madzi akafika pamenepo achepetse liwiro, mchenga ndi zonyansa zikhazikike pansi, madzi okha apitirire. Dzenje lotere limagwira ntchito pokhapokha ngati wina akubwera kudzalikapa nthawi ndi nthawi. Womanga anamanga akudziwa kuti munthu ameneyo adzakhalapo, ndipo anamusiyira potsegula.

Pamene ngalande inafunika kukhala yaikulu, ankaifolera mwa njira yawoyawo. Mzere uliwonse wa njerwa ankautulutsa pang'ono kuloza m'kati kuposa wa pansi pake, mbali zonse ziwiri, mpaka makoma awiriwo atakumana pamwamba. Apanso njerwa ya 1, 2, 4 inawathandiza, chifukwa utali wake umalola kuti mbali yaikulu ikhale yopanikizidwa m'khoma pamene nsonga yake ikulendewera.

Ndinene mosabisa kuti si nyumba iliyonse imene inalumikizidwa ku ngalande. Zina zinkangothira madzi mumtsuko waukulu woikidwa kunja kwa khoma, ndipo anthuwa sankadziwa za tizilombo toyambitsa matenda monga tikudziwira lero. Jansen ankaona kuti madzi anali ndi ulemu wapadera m'moyo wawo, woposa ukhondo wokha. Koma chifukwa chawo chikhale chotani, ngalande ya m'kanjira ka anthu wamba inamangidwa mosamala mofanana ndi ya kumalo okwera a mzindawo, pamalo pamene palibe mlendo akanaiona n'kuyamikira. Ichi ndicho chimandigwira mtima pa amisiriwa.

Pachitunda cha kumadzulo, pamene pambuyo pa zaka zambiri Abuda anadzamangapo nyumba yawo yachipembedzo, pali ntchito imene luso lonseli linakumanirana. Ndi dziwe losambira lomangidwa ndi njerwa, lotalika mamita pafupifupi 12, m'lifupi 7, kuya kwake 2.4, lokhala ndi masitepe kumpoto ndi kummwera. Kumapeto kwa masitepewo kuli kansanja koyenda m'lifupi monse mwa dziwelo, kuti munthu athe kuima kapena kuyenda asanatsike pansi penipeni. Vuto la womanga linali kusunga malita oposa 150,000 a madzi pamwamba pa chitunda cha dothi ndi zidina, pamene kudontha pang'ono kokha kukanafewetsa maziko n'kugwetsa zonse.

Njerwa payokha imamwa madzi. Phula palokha limatseka madzi, koma limafewa padzuwa ndipo mapazi angalinyotsole. Iwo anaphatikiza ziwirizi mwanzeru. Pansi pa dziwe anayala njerwa zoimika cham'mbali, zopalidwa bwino, zomatidwa ndi gypsum, mwala woyera wofewa umene ukawotchedwa n'kusakanizidwa ndi madzi umauma gwa. Khoma la m'kati analimanga chimodzimodzi. Kuseri kwa khomalo anapaka phula lachilengedwe lochindikala masentimita awiri kapena atatu, ndipo kuseri kwa phulalo anamanga khoma lina la njerwa loligwira kuti lisatsetsereke. Kenako anatsendera dothi, n'kumanganso khoma lakunja. Phula linakhala pakati, pamthunzi, losakhudzidwa ndi dzuwa kapena phazi, likugwira ntchito imodzi yokha imene limaitha. Njerwa zinasenza kulemera kwa madzi. Chinthu chilichonse anachipatsa ntchito yoyenera mphamvu yake, n'kuchiteteza pamene chili chofooka. Womanga damu lero angavomereze nzeru imeneyi popanda kusintha kanthu.

Pansi pa dziwelo panapendekera kungodya ya kummwera chakumadzulo, kumene kuli potulukira madzi. Kuchokera pamenepo madzi ankalowa m'ngalande yofoleredwa mwa njira ija ya mizere yotulukira m'kati, yaitali moti munthu angathe kuyendamo. M'chipinda china cha pambali muli chitsime chachikulu. Chakumpoto kwa dziwelo kuli timabafa 8 m'mizere iwiri yoyang'anana, pakati pake pakudutsa kanjira kokhala ndi ngalande, ndipo makomo ake anawaika mophonyana kuti wosamba m'chipinda china asaonedwe ndi wa m'chipinda cha kutsidya. Mmisiri amene anaganizira za kupendekera kwa madzi anaganiziranso za manyazi a munthu wovula.

Mtima womwewu umaoneka m'ntchito zina za m'mizindayi. Miyala yawo yoyezera inali ya makona anayi mbali zonse, yosemedwa kuchokera ku mwala wolimba wa m'mapiri a Rohri, ndipo kulemera kwake kunkawirikiza: 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64. Wofala kwambiri, wa 16, unkalemera magalamu pafupifupi 13.7 kulikonse kumene wapezeka. Ku Chanhu-daro, kumene Ernest Mackay anakumba mu 1935 ndi 1936, kunapezeka malo opangira mikanda yaitali ya mwala wofiira wa carnelian. Ina inkafika masentimita 12, ndipo ankaiboola kuchokera mbali zonse ziwiri, masiku angapo, mpaka mabowo awiriwo atakumana pakati. Mikanda yotere inapezeka m'manda a mafumu ku Ur. Ku Dholavira, pachilumba cha Khadir ku Gujarat, kumene R. S. Bisht anayamba kukumba mu 1990, vuto linali lotembenuka: madzi ndi amene ankasowa. Kumeneko anamanga ndi miyala, anatchinga timitsinje tiwiri toyenda m'dzinja mokha, Mansar ndi Manhar, n'kupatutsira madzi ake m'madamu pafupifupi 16 ozungulira mzinda, ena osemedwa m'thanthwe, okhala ndi masitepe otsikira pamene madzi akuphwera.

Luso lotere silikhala m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo mapeto a Mohenjo-daro akusonyeza zimenezo. M'nthaka ya pamwamba, ya zaka zoyandikira 1900 B.C., ofukula anapeza makoma okhotakhota omangidwa ndi njerwa zakale zogumula kwina, nyumba zazikulu zogawidwa tizipinda, zomanga zolowerera mumsewu, mauvuni a mbiya ali m'kati mwa mzinda, ndi ngalande zosiyidwa zitatsekeka. Mvula ya m'chigawocho inali ikuchepa, mtsinje wa Ghaggar-Hakra kum'mawa unali ukuuma, ndipo malonda ndi Mesopotamia anali akuzilala. Anthu sanathe. Anabalalikira m'midzi ing'onoing'ono, ambiri chakum'mawa, n'kupitiriza kulima tirigu, balere ndi thonje. Chimene chinatha ndi mgwirizano umene unkachititsa woumba, womanga, wokumba chitsime ndi wokapa ngalande kudalirana. Miyala yoyezera ija inaleka kugwiritsidwa ntchito, zilembo zinaiwalika, ndipo panapita zaka zoposa 1,000 chigawocho chisanakhalenso ndi mizinda yaikulu.

Lero mdani wa njerwazi ndi mchere. Chiyambire pamene damu la Sukkur linamalizidwa mu 1932, ulimi wothirira unakweza madzi a pansi pa nthaka m'dera lonselo. Chinyezi chimakwera m'makoma chitanyamula mchere, dzuwa likawomba madzi amauluka, mchere umatsala m'timabowo ta njerwa n'kumaitupitsa mpaka itafumbutuka. Njerwa zimene zinapirira zaka 4,000 zili zokwiririka zinayamba kuwonongeka patangopita zaka makumi angapo zili pamtunda. N'chifukwa chake kukumba kwakukulu kunaimitsidwa wofukula George Dales atamaliza ntchito yake mu 1965. UNESCO inaika Mohenjo-daro pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1980, ndipo chithunzi cha mabwinjawa chili pa ndalama ya pepala ya 20 rupee ya ku Pakistan. Mvula yoopsa ya 2022 inagwetsa zigawo za makoma ena. Osamalira malowa masiku ano amazira makomawo ndi matope opanda mchere, n'kuika zidina pamwamba pake, kuti mchere ndi mvula zidye matope atsopanowo m'malo mwa njerwa yakale, ndipo ntchitoyi amaibwereza chaka ndi chaka.

Gawo lalikulu la mzindawu silinafukulidwe. Dales ataboola nthaka kufupi ndi chitunda, anapeza zizindikiro zoti anthu ankakhalapo mpaka mamita pafupifupi 12 pansi pa chigwa cha lero. Nyumba ndi zitsime za mibadwo yoyambirira ya Mohenjo-daro zili m'munsi mwa madzi a pansi pa nthaka, ndipo palibe wofukula amene anafikako.